Mapoto amatuluka bwino koma mapule akuthyoka: kodi kupanikiza aluminiyamu kungathandize?

Wowerenga wina wa ku Ndirande watilembera motere: "Ine ndimapanga mapoto a aluminiyamu, ntchito yomwe ndinaphunzira kwa amalume zaka 9 zapitazo. Masiku ano anthu ayamba kundibweretsera zinthu zothyoka kuti ndiwaumbire zina: mapule a pampu, timabulaketi ta injini, ngakhale zogwirira mabuleki a njinga zamoto. Zikatuluka mumchenga zimaoneka bwino, koma zina sizitha ndi mwezi womwe. Pothyokapo ndimaona timabowo ngati ta mkate. Ndinaona pa YouTube kuti kunja amapanikiza aluminiyamu akadali wamadzi. Ndili ndi jeke ya matani 20. Kodi ndingathe kuchita zomwezo?"

Achimwene, mtima ukhale m'malo, manja anu sanalakwe. Munthu amene watha zaka 9 akutulutsa mapoto osadontha m'chikombole cha mchenga amadziwa kale zambiri za chinyezi cha mchenga, kutentha kwa ng'anjo ndi kathiridwe. Chimene chasintha ndi ntchito ya chinthu chomwe mukuumbacho. Poto amangokhala pamafuwa, katundu wake ndi madzi ndi nyemba. Pule imakokedwa ndi lamba, imazungulira maulendo oposa 1,000 pa mphindi, ndipo imanjenjemera tsiku lonse. Kabowo komwe kangagone m'poto zaka 20 osavutitsa munthu, m'pule ndi pomwe mng'alu umayambira. Funso lanu la jeke ndiliyankha kuti inde, pa tizinthu ting'onoting'ono n'zotheka. Koma tiyambe ndi kumene timabowoto timachokera, chifukwa tina jeke imatitseka ndipo tina siingatigwire n'komwe.

Aluminiyamu akamauma amachepa ndi pafupifupi 6 peresenti. Kuuma kumayambira kunja, komwe akukhudzana ndi chikombole, n'kumalowa m'kati. Mbali yomwe imauma pomalizira ndi imene imasowa chodzadzira, ndiye pamatsala mphako kapena timipata tokhotakhota. Poto ndi wopyapyala mofanana paliponse, amauma nthawi imodzi. Pule ili ndi pakati pokhuthala pomwe pamalowa shafiti, ndipo ndikukhulupirira kuti mukaidula ndi sowo mupeza timabowo tambiri pamenepo, kapena pomwe pakati pakumana ndi mbali yopyapyala.

Palinso mpweya wa haidrojeni. Aluminiyamu wosungunuka amaumwa mpweyawu ngati mchenga wouma umamwera madzi, ndipo gwero lake ndi chinyezi: makala onyowa, zitsulo zomwe zinagona pamvula, girisi ndi penti, chipande chothirira chozizira, ngakhale mpweya wa mu Januwale. Wamadziyo amasunga haidrojeni wochuluka pafupifupi ka 20 kuposa wouma. Ndiye akamauma amamulavula, ndipo popeza kunja kwatsekeka kale, mpweyawo umatsala m'kati ngati timabowo tozungulira, towala, tomwazikana paliponse. Pa fakitale ina yomwe ndinagwirako ntchito, zinthu zokanidwa zinkachuluka chaka chilichonse mvula ikangoyamba. Tinasintha zikombole, tinakangana za kathiridwe, mpaka tsiku lina ndinagwira thumba la mchere wotsukira aluminiyamu n'kupeza kuti waundana ngati shuga wonyowa. Ankausunga pansi, pafupi ndi khoma lodontha. Tinkathira tokha madzi mu ng'anjo m'dzina lotsuka.

Chachitatu ndi chimene anthu ambiri sachiganizira, ndipo kwa ine ndicho choopsa kwambiri. Mukaona pamwamba pa aluminiyamu wosungunuka pali kakhungu kotuwa, kofanana ndi kamene kamabwera pa mkaka wowiritsa. Mukakachotsa, kena kamabwera nthawi yomweyo. Kakhungu kameneka sikasungunuka pa kutentha kwa ng'anjo yanu. Mukathira mogwetsa kuchokera pamwamba, kamapindika n'kulowa m'kati, mbali yake youma itagundana ndi mbali youma inzake, ndipo mbali ziwirizo sizimatana. Ndiye kuti mwaumbira mng'alu m'kati mwa chinthu chatsopano. John Campbell, yemwe anaphunzitsa pa yunivesite ya Birmingham ku England, anafotokoza kuti aluminiyamu akalowa m'chikombole mothamanga kupitirira theka la mita pa sekondi, kakhunguka kamayamba kupindikira m'kati. Liwiro limenelo limakwana akangogwa mtunda wa mamilimita 13 okha. Taganizirani tsono za kuthira komwe timachita tonse, chipande chili m'mwamba, chitsulo chikugwa ngati madzi a pampopi.

Njira zopanikiza zomwe munaonazo n'zingapo, ndipo mavidiyo ambiri amangozisakaniza. Yofala kwambiri amaitcha high pressure die casting. Aluminiyamu amathiridwa m'kapaipi, pisitoni n'kumuwombera m'chikombole chachitsulo pa liwiro la mamita 30 mpaka 60 pa sekondi, moti chikombole chimadzaza munthu asanaphethire. Zivindikiro za injini ya njinga yamoto, zikopa za giyabokosi ndi za alternator zimapangidwa chonchi, n'chifukwa chake zimakhala zopyapyala ndi zosalala. Kampani ya Tesla inafika nayo patali mu 2020, pomwe inayamba kugwiritsa ntchito makina a kampani ya Idra ya ku Italy, otseka chikombole ndi mphamvu ya matani pafupifupi 6,000, kuumba mbali ya kumbuyo ya pansi pa galimoto ya Model Y, yomwe kale inkalumikizidwa kuchokera ku zidutswa pafupifupi 70. Koma musatengeke ndi ukulu wake. Liwiro limenelo limatsekera mpweya m'kati. Kunja kumakhala kolimba, m'kati muli timathovu topanikizika. Ngati munayesapo kuwotcherera chivindikiro cha injini n'kuona chikutulutsa matuza ndi kulavula, chifukwa chake n'chimenecho. Mafakitale akuluakulu amayamba ayamwa mpweya m'chikombole asanawombere kuti achepetse vutoli. Njira imeneyi si ya pakhomo, ndipo si imene imapereka kulimba komwe mukufuna.

Marimu ambiri a aluminiyamu omwe mumaona pa magalimoto amapangidwa mosiyana kotheratu, mwa njira ya low pressure. Ng'anjo yotsekeka imakhala pansi, chikombole pamwamba, pakati pali paipi yomira mu aluminiyamu. Amapopera mpweya pang'ono mu ng'anjomo, kawirikawiri wosafika bar imodzi, wochepa kuposa wa m'tayala la galimoto, ndipo aluminiyamu amakwera yekha pang'onopang'ono kuchokera pansi. Sagwa, sagavika, kakhungu kaja sikapindika. Mpweya uja amausiya mpaka chinthucho chitauma, kotero mbali zomwe zikuchepa zimadyetsedwa kuchokera m'paipi. Njira ya Cosworth, yomwe inayamba ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 pofuna kulimbitsa mitu ya injini za magalimoto a mpikisano, nayonso imadzaza chikombole cha mchenga kuchokera pansi, koma ndi pampu. Ku Bulgaria, Angel Balevski ndi Ivan Dimov anawonjezera nzeru yoika mpweya wopanikiza kumbali ya chikombole komweko, kuti chitsulo chizikwera chikukankhana ndi mpweyawo. Palinso njira yomwe inatulukira pa yunivesite ya MIT ku America mu 1971, youmba aluminiyamu atalimba theka, ali ngati phala lokhuthala. Zonsezi zimafuna makina odula.

Yomwe ikufanana ndi maganizo anu a jeke ndi squeeze casting, ndiye kuti kuumba mofinya. Ganizo lake ndi lakale: Dmitry Chernov wa ku Russia analemba mu 1878 za kupanikiza chitsulo chikamauma m'chikombole. Kachitidwe kake ndi kosavuta kufotokoza. Mumathira aluminiyamu woyezedwa bwino m'chikombole chachitsulo chotenthetsedwa, mumatsitsa chitsulo chodindira chokwana bwino pakamwa pake, n'kupanikiza mpaka zonse zitauma. Mphamvu yake imakhala pakati pa 50 ndi 150 MPa (MPa ndi muyezo wa kupanikiza). Ikafika pamenepo, wamadzi wotsalayo amakakamizidwa kulowa m'timipata tonse tomwe tikutseguka, haidrojeni amasowa mpata wopanga thovu, ndipo aluminiyamu amamatirira ku khoma la chikombole m'malo mochoka pang'ono monga amachitira akamachepa. Kumatiraku kumachititsa kuti kutentha kutuluke msanga, ndipo chitsulo chouma msanga chimakhala ndi njere zing'onozing'ono, zolimba komanso zopindika zisanathyoke. Toyota inagwiritsa ntchito njirayi mu 1983 popanga mapisitoni a injini za dizilo, kukankhira aluminiyamu m'kati mwa ulusi wosapsa pamalo pomwe pamakhala ring yapamwamba.

Tsopano tiwerengere jeke yanu, chifukwa apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi. Mphamvu ya 100 MPa ndi pafupifupi tani imodzi pa kabwalo ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi, kukula ngati chikhadabo cha chala chamkombaphala. Titenge 70 MPa, yomwe imakwanira bwino pa aluminiyamu wa marimu. Chinthu chozungulira cha masentimita 5 kudutsa pakati chili ndi timabwalo pafupifupi 20, ndiye chikufuna matani 14. Jeke yanu ikwanitsa. Cha masentimita 6 chikufuna matani onse 20, ndipo sindingakulangizeni kuti muzifikitsa jeke pamapeto a mphamvu yake tsiku ndi tsiku. Pule ya masentimita 12 ili ndi timabwalo 113, ikufuna matani pafupifupi 80. Mukaiika pansi pa jeke ya matani 20 mphamvuyo imwazika, ndipo mudzangotaya thukuta.

Choncho ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi kufinya timitanda tozungulira ta masentimita 4 kapena 5, kenako n'kupita nato kwa amisiri a lathe kuti akasemepo mabushi, timapule ting'ono ndi zolumikizira mashafiti. Chikombole chake n'chosavuta: chitsulo chokhuthala chobooledwa pakati, khoma lake losachepera masentimita 3, bowolo lotambasuka pang'ono kukamwa kuti chinthucho chizituluka, ndi kachitseko pansi kogogodera potulutsa. Mafakitale amagwiritsa ntchito chitsulo chopirira kutentha chotchedwa H13 chifukwa amaumba zinthu masauzande, koma poyesera zochepa chitsulo wamba chokhuthala chigwira. Mpata wa pakati pa chodindira ndi khoma ukhale wochepa ngati pepala. Ukakula, aluminiyamu amafwamphuka pamenepo ngati madzi a m'jakisoni, ndipo ali pa madigiri 700. Chikombole ndi chodindira zitenthetsedwe kufika madigiri 200 mpaka 300, zitapakidwa graphite (chakuda chija cha m'kati mwa pensulo) kapena mwaye, zitauma kotheratu. Muyezenso kuchuluka kwa zomwe mukuthira, chifukwa ndi zimene zimapereka kutalika kwa chinthucho.

Vuto lalikulu la jeke yamanja ndi kuchedwa. Kuchokera pomwe mwathira, muli ndi masekondi ochepa khoma lisanaume n'kuyamba kunyamula lokha mphamvu yonse, pakati pakutsala osapanikizika. Pamafunika anthu awiri ogwirizana, wina wothira, wina wopopa, chodindira chitatsitsidwa kale pafupi. Mukafika pa mphamvu yofunika, musasiye kupopa, chifukwa chitsulo chikuchepa ndipo mphamvu imatsika yokha. Gwiranibe kwa mphindi imodzi pa kamtanda ka masentimita 5. Felemu ikhale ngati ya makina osindikizira ma bearing m'magalaja, yowotcherera bwino, ndipo pakati pa inu ndi chikombole pakhale chitsulo chotchinga. Kumbukiraninso kuti m'jekemo muli oyilo, ndipo ili pamwamba pa chinthu chotentha.

Koma ndikupempheni, musanagule chitsulo cha chikombole, konzani kaye zomwe mukusungunula. Kupanikiza kumatseka mphako za kuchepa ndi thovu la haidrojeni. Kakhungu kopindika kaja kumangokaphwatalitsa, mng'alu uli pomwepo. Sikusinthanso mtundu wa aluminiyamu. Mulu wa zotayidwa womwe mumagula pa kilogalamu uli ndi mitundu yambiri. Marimu a galimoto ndiwo chuma chanu: ambiri ndi a mtundu wa A356, wokhala ndi silikoni pafupifupi 7 peresenti ndi maginiziyamu pang'ono, ndipo ayironi wake saloledwa kupitirira 0.2 peresenti. Musanawasungunule chotsani timiyala tomwe amamata polinganiza tayala, chifukwa ndi ta mtovu kapena zinki. Mapisitoni ali ndi silikoni wambiri, amayenda bwino m'chikombole ndipo saperepeseka msanga, koma ndi ouma mtima, sapindika. Zikopa za giyabokosi amaziikira dala ayironi wofika 1 peresenti kuti zisamatirire ku chikombole, ndipo ayironi ameneyu akauma pang'onopang'ono mumchenga amapanga timasingano topyapyala tomwe timathyotsa chinthu ngati chinangwa chouma. Zitini za zakumwa ndi mafelemu a mawindo zilibe silikoni wokwanira, zimang'ambika pouma. Kabureta kapena chogwirira chitseko chikakhala cholemera modabwitsa m'manja, ndi zinki, chiikeni padera. Chikakhala chopepuka kwambiri, chipaleni ndi tupa n'kudonthezera vinega: chikachita thovu ndi maginiziyamu, amene akayaka sazimitsika ndi madzi. Ndipo poti mukupangabe mapoto, zotayidwa za injini ndi maradiyeta zisalowe m'poto wophikira, chifukwa mtovu wake umatsikira m'chakudya cha ana.

Chosungunuliramo nachonso chili ndi mlandu. Botolo la gasi lodulidwa limadyedwa ndi aluminiyamu pang'onopang'ono, ndipo chitsulo chodyedwacho chimathera m'pule yanu. Mukapeza mphika wa graphite, gulani. Apo ayi, pakani m'kati mwa chitsulocho dothi losapsa ndi kuumitsa bwino. Aluminiyamu weniweni amasungunuka pa madigiri 660, wa marimu amayamba kale pansi pa pamenepo, ndipo kuthira kwabwino kuli pakati pa 700 ndi 730. Akafika pofiira ngati khala ndiye kuti mwapitirira, ndipo akumwa haidrojeni mowirikiza. Kachipangizo koyezera kutentha ka mtundu wa K kamagulidwa mosavuta ndipo kadzakupulumutsirani zambiri kuposa jeke. Musatakase ngati nsima. Kokerani zinyalala pambali mofatsa, ndipo pothira mlomo wa chipande ugunde pa chikombole. Mapiritsi ena ochotsera haidrojeni mu aluminiyamu wosungunuka amatulutsa utsi wa poizoni, sindiwakonda pamalo pomwe pali nyumba zoyandikana ngati ku Ndirande. Mafakitale amagwiritsa ntchito mpweya wa argon, womwewo wa owotcherera aluminiyamu, kuupititsa pansi pa chitsulo mwa timathovu ting'ono kwa mphindi zingapo.

Pa mapule aakulu, bwererani ku mchenga wanu koma musinthe njira. Kumbani ngalande yoti aluminiyamu atsikire pambali n'kulowa m'chikombole kuchokera pansi, akukwera mofatsa. Pamwamba pa malo okhuthala ikani nkhokwe, imene amisiri amati riser, yonenepa kuposa malo omwe ikudyetsawo kuti iume pomalizira. Pansi pa malo omwewo kwirirani kachitsulo kouma kotenthetsedwa pang'ono kuti pazizire msanga. Ndaonapo zinthu zomwe zinkathyoka mwezi ndi mwezi zikusiya ndi kusintha kumeneku kokha.

Marimu amalimba chifukwa ataumbidwa amaphikidwanso, njira yotchedwa T6: madigiri 540 kwa maola angapo, kuviika msanga m'madzi ofunda, kenako madigiri pafupifupi 155 kwa maola 3 mpaka 5. Mukawasungunula kulimba kumeneko kumatha, ndipo n'chifukwa chake pule yochokera ku rimu imakhala yofewa kuposa rimuyo. Gawo loyambalo silitheka pa makala, chifukwa mukapitirira ndi madigiri ochepa chinthucho chimayamba kusungunuka m'kati. Limafuna uvuni wamagetsi woyeza kutentha, ndi magetsi osathima maola onsewo. Zofinyidwa bwino zimalola kuphikidwa chonchi popanda kutupa matuza, ndipo umenewu ndi mwayi wake waukulu.

Musakhulupirire maso pa chinthu chosalala kunja. Pa zinthu 10 zilizonse dulani chimodzi pakati, palani ndi tupa ndi sandipepa, muyang'ane padzuwa. China chimangeni pa vaisi n'kuchimenya ndi hamala: chabwino chimapindika kaye, choipa chimangoti phwa, ndipo pothyokapo mukaona malo osalala otuwa ndiye kakhungu kaja. Pofufuza ming'alu yobisika, viikani chinthucho m'palafini, pukutani, pakani choko chosungunula m'madzi ndi kuumitsa. Pomwe pali mng'alu palafini amatuluka n'kujambula mzere. Amisiri a njanji ankafufuza chonchi kalekale.

Za zogwirira mabuleki, achimwene, kanani. Pule ikathyoka, pampu imaima ndipo mwini wake amabwera kudzadandaula. Chogwirira buleki chikathyoka wakabaza akutsetsereka atanyamula mayi ndi mwana, palibe wobwera kudzadandaula. Chimodzimodzi chilichonse cha chiwongolero, cha mateyala kapena chonyamulira katundu m'mwamba. Zoterezi zimafuna aluminiyamu wodziwika mtundu wake ndi kuyezedwa pa makina. Ngati mukufunadi kufika pamenepo, kapena mwapeza oda yaikulu, pitani mukalankhule ndi aphunzitsi a uinjiniya ku MUBAS ku Chichiri, kapena ku MUST ku Thyolo komwe amaphunzitsa za zitsulo, ndipo a Malawi Bureau of Standards angakuuzeni za miyezo. Felemu ya jeke nayonso ionedwe ndi munthu wodziwa kuwerengera mphamvu musanaipanikize.

Pogwira ntchitoyi valani nsapato zachikopa zotseka, magolovesi achikopa, chotchinga kumaso, ndi zovala za thonje, osati za nayiloni zomwe zimasungunukira pakhungu. Chilichonse chokhudza aluminiyamu wosungunuka chiyambe chaotha moto, chifukwa dontho la madzi likasanduka nthunzi limafufuma pafupifupi ka 1,700 ndipo limamwaza chitsulo m'mwamba. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira, ndipo ngati bala lili kumaso, m'manja kapena ndi lalikulu, thamangirani ku Queen Elizabeth Central Hospital, komwe kuli chipinda cha anthu opsa.

Mukapita kwa aphunzitsi aja, nyamulani pule yothyokayo osaitsuka pothyokapo, chidutswa cha zomwe munasungunula tsiku limenelo, ndi timitanda tiwiri ta mphika umodzi, kena kofinya ndi jeke, kena kongothira, tonse todula pakati.